Lilongwe mpaka Blantyre m'mphindi 40? Tiyeni tiwerengenso

Mukafunsa pa Google kuti kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa Chileka ku Blantyre ndi mtunda wautali bwanji, foni ikuyankhani msangamsanga: makilomita pafupifupi 245, ndipo ndege imatenga mphindi 40 kapena kupitirirako pang'ono. Nambala ziwirizi n'zoona, sindikutsutsa. Koma zimatisocheretsa, ndipo ndikuona kuti zimasocheretsanso akuluakulu amene amaganiza za komwe ndalama za maulendo zipite. Munthu sakhala pa bwalo la ndege. Amakhala ku Kawale, ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Bangwe, ndipo ulendo wake umayambira pakhomo pake n'kukathera pakhomo pa komwe akupita. Tikawerenga chonchi, mphindi 40 zija zimasanduka maola atatu ndi theka.

Tiyambe ndi komwe mphindi 40 zimachokera. Makilomita 245 aja ndi mzere woongoka, ngati wojambula ndi rula pa mapu. Msewu wa M1 suyenda choncho ayi. Umadzera ku Nathenje, kukwera ku Dedza, kudutsa Lizulu ndi Ntcheu m'malire mwa Mozambique, kutsikira ku Chingeni, kuwoloka Shire pa Zalewa, kenako Lunzu, ndipo pomalowa m'tauni ya Blantyre mwayenda makilomita opitirira 300.

Ndege ya mtundu wa Q400, ija ya mapulopela awiri yomwe Malawi Airlines imagwiritsa ntchito, ikafika m'mwamba imathamanga makilomita opitirira 600 pa ola. Amene masamu ankakukondani ku sekondale mwaona kale kuti pa liwiro limenelo makilomita 245 satha ngakhale mphindi 25. Nanga zinazo zikupita kuti? Nthawi yomwe amalemba pa tikiti imayamba kuwerengedwa ndege ikangosuntha pamalo pomwe inaima, mpaka itakaima kwinako. M'menemo muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kumayambiriro kwa msewu wonyamukira, kudikira chilolezo kwa a pa nsanja, kukwera m'mwamba, kenako kutsika mokhota kuti iyang'anizane ndi mphepo potera. Pa ulendo waufupi ngati uwu, ndege ikangomaliza kukwera imayambanso kutsika. N'chifukwa chake Boeing 737, yomwe ndi yaliwiro kuposa Q400, siipambana kwenikweni pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Ilibe mpata woonetsera mphamvu zake, ngati kabaza wa njinga yamoto ndi Benz atapikisana kuchoka pa Shoprite kukafika pa Ginnery Corner.

Tsopano tiyerekeze mtsikana wa ku Kawale amene waitanidwa ku intavyu ya ntchito ku Limbe, ndipo malume ake, mwachisomo, amugulira tikiti ya ndege. Bwalo la Kamuzu lili makilomita oposa 20 kumpoto kwa mzinda. Kuti akafike kumeneko akuyenera kudutsa pa Area 18, kenako Kanengo pomwe m'mawa mathiraki amachita kundondozana. Timupatse mphindi 45, ndipo apo zinthu zamuyendera. Minibasi zimadutsa pa Lumbadzi, koma kuchokera pa mphambano kukafika pa bwalo penipeni pamatsala kamtunda koti ndi chikwama kumanja, atavala za intavyu, sangayende wapansi. Ndiye ndi takisi basi, ndipo mtengo wa takisi yokhayo ukhoza kuyandikira mtengo wa tikiti ya kochi yonse ya ku Blantyre.

Akafika, sangangolowa m'ndege ngati mmene timalumphira minibasi. Akuyenera kufika patatsala ola kuti ndege inyamuke, aonetse tikiti ndi chiphaso, chikwama chiyezedwe kulemera kwake, adutse pa makina a chitetezo, kenako akhale pansi kudikira. Ola lathunthu limenelo. Kenako mphindi 40 zotchuka zija. Potera pa Chileka adikire masitepe, atsike, adikire chikwama, tinene mphindi 20. Akatuluka panja sanafikebe ku Limbe. Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa Blantyre, ndipo aliyense wa ku Blantyre akudziwa mmene pa Kameza ndi pa Chirimba pamakhalira nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito. Kuchoka apo pali msewu wa Masauko Chipembere woti athane nawo mpaka ku Limbe. Mphindi zina 45.

Phatikizani nokha: 45, 60, 40, 20, 45. Ndi mphindi 210, maola atatu ndi theka, ndege itanyamuka pa nthawi yake.

Mnzake amene wanyamuka ku Kawale komweko pa galimoto yaing'ono, ngati mafuta anathira kale dzulo osakagona pa mzere, amafika ku Limbe m'maola anayi ndi theka kapena asanu, atalipira pa mageti a Kalinyeke ndi Chingeni, ataima pa marodibuloko, ataguliratu kabichi ndi mbatatesi pa Lizulu. Wa pa kochi amachedwerako chifukwa naye akuyenera kukafika kaye pokwerera n'kudikira. Choncho ndege ikupulumutsa ola limodzi, ikachita bwino maola awiri. Si kanthu kakang'ono, koma si zomwe munthu amaganiza akamva kuti mphindi 40 kuyerekeza ndi maola asanu.

Pali chinanso chomwe pa foni sichioneka msanga. Maulendo ambiri a pakati pa mizinda iwiriyi si a Lilongwe ndi Blantyre paokha. Ndi chidutswa cha ulendo wautali, monga wa ndege yomwe ikunyamuka ku Lilongwe, kuima pa Chileka kutenga anthu, n'kupitirira ku Johannesburg, kapena yomwe ikubwerera kuchokera kumeneko. Ndandanda yake amaikonza poganizira wa ku Joni uja, osati inu amene muli ndi msonkhano wa 2 koloko ku Limbe. Ngati nthawi yomwe ndege ilipo sikugwirizana ndi yanu, mufika m'mawa kwambiri n'kumangozungulira m'tauni, kapena mugona komweko n'kulipira loji. Kochi zimanyamuka kangapo patsiku, ndipo mukaphonya ina mumakwera ina. Ndege ikachedwa kunyamuka ku Johannesburg chifukwa cha mvula ya mabingu, kuchedwako kumakupezani inu pa Chileka. Ola lija mumati mwapulumutsa latha pomwepo.

Za mtengo sinditchula nambala, chifukwa mmene kwacha ikuyendera masiku ano, mtengo wa lero mawa ndi mbiri yakale. Lowani pa intaneti muone nokha, muyerekeze ndi wa kochi. Koma chifukwa chake ulendo waufupi umadula chonchi n'chofunika kuchimvetsa, kuti tisamangoti kampani ikutibera. Ndege imamwa mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera m'mwamba, ndipo pa ulendo wa makilomita 245 gawo lalikulu ndi lomwelo. Nthawi iliyonse ikatera pali ndalama zolipira pa bwalo, kaya yachokera pafupi kaya kutali. Matayala, mabuleki ndi injini zimatha malingana ndi kuchuluka kwa maulendo omwe yanyamuka ndi kutera. Mafuta a ndege timaitanitsa kunja, zipangizo zake timagula ndi madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zinakwera tsiku limodzi. Ndege yoyenda mtunda waufupi ndi yodula paliponse pa dziko, ndiye kuli bwanji kwa ife amene tilibe doko?

Wina anena kuti, iwe mtolankhani, ukufuna ndege ya Lilongwe ndi Blantyre ithe? Ayi ndithu. Pali anthu amene imawathandiza zenizeni. Likulu la boma linasamukira ku Lilongwe mu 1975 kuchoka ku Zomba, koma Blantyre inatsala ndi zambiri: msika wa masheya, likulu la MRA, likulu la Escom, khoti la Supreme, chipatala cha Queen Elizabeth. Loya amene ali ndi mlandu m'mawa ku Blantyre ndipo akufunika ku Lilongwe madzulo, dokotala amene akukachita opaleshoni n'kubwerera, wodwala amene thupi lake silingapirire maola asanu pa mpando wa basi, onsewa ola limodzi kwa iwo ndi lamtengo. Ndipo tisanamizane, M1 imapha. Tonse tili ndi wachibale kapena mnzathu wa kusukulu amene anatsikira kulichete pa msewu umenewu. Munthu amene wasankha ndege chifukwa choopa mathiraki a usiku sindingamuweruze.

Chomwe ndikukana ndi kugwiritsa ntchito mphindi 40 ngati chifukwa chokwanira pamene ndalama yake ndi ya msonkho wathu. Ngati bwana wa ku Capital Hill akwera ndege, koma galimoto yake n'kunyamuka mbandakucha pamsewu kuti ikamuchingamire pa Chileka, boma lalipira ulendo umodzi kawiri: tikiti, mafuta, alawansi ya dalaivala. Lapulumutsa chiyani? Ola limodzi la bwana. Misonkhano ina yomwe anthu amaulukira ikanatha pa Zoom ndi bandulo ya sabata imodzi. Nthawi iliyonse boma likalengeza zochepetsa kuwononga ndalama timamva za maulendo a kunja, koma a m'dziko momwemu nawonso amafunika kuwerengedwa, khomo ndi khomo, kwacha ndi kwacha.

Ku France anachita kukhazikitsa lamulo mu 2023 loletsa maulendo ena a ndege a m'dziko momwemo ngati pali sitima yapamtunda yofika pasanathe maola awiri ndi theka. Linakhudza maulendo ochokera pa bwalo la Orly ku Paris kupita ku Lyon, Nantes ndi Bordeaux. Ife sitingatengere zimenezo, chifukwa sitima yoteroyo tilibe. Njanji yochokera ku Kanengo kudzera ku Salima ndi Nkaya mpaka ku Limbe ilipo, koma palibe wachinyamata amene anganene kuti ndikupita ku Blantyre pa sitima mawa. Ndatchula France chifukwa cha kawerengedwe kawo kokha: anayerekeza ulendo wonse, pakati pa mzinda mpaka pakati pa mzinda wina, osati nthawi ya m'mwamba yokha.

Ndipo mukawerenga choncho kuno kwathu, muona chinthu chodabwitsa. Malo amene ndege ingapulumutse nthawi yochuluka si komwe imapita kawirikawiri.

Tengani Mzuzu. Kuchokera pa bwalo la Kamuzu kukafika pa bwalo la Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 260 m'mwamba, kusiyana pang'ono chabe ndi ku Chileka. Pamsewu ndi makilomita pafupifupi 350 kudzera ku Kasungu, Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa, kumene chifunga chimatha kukuchititsani kuyenda ngati muli pa maliro. Koma bwalo la Mzuzu lili m'tauni mwenimweni, moti ukatsika wafika. Kwa munthu wochokera ku Blantyre ndiye nkhani ina: pamsewu ndi makilomita oposa 650, basi ya usiku wonse, pomwe m'mwamba safika 500. Karonga ili makilomita pafupifupi 430 kuchokera ku Lumbadzi m'mwamba, ulendo woti ndege yaing'ono imatha pasanathe maola awiri. Pamsewu ndi pafupifupi 600, ndi makona a Chiweta omwe mvula ikagwa kwambiri kapena thiraki ikafera pakati, aliyense amagona pomwepo. Wa ku Blantyre wopita ku Karonga pa basi amataya tsiku lathunthu kupita, tsiku lathunthu kubwerera. Apa ndege sikupulumutsa ola ayi, ikupulumutsa masiku.

Nanga Likoma? Anthu a pa chilumbachi akudalirabe Ilala, sitima yomwe inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, pamodzi ndi maboti ena. Bwalo la ndege lilipo, koma tindege tomwe timatera kumeneko timanyamula makamaka alendo odzaona malo, pa mitengo yoti mphunzitsi wa pa Likoma sangaiyandikire. Mayi amene uchembere wamuvuta pa chilumba ndi amene akudziwa bwino kusiyana kwa mphindi ndi maola kuposa tonsefe.

Air Malawi itatha mu 2013, Malawian Airlines, yomwe pano ndi Malawi Airlines, inayamba kuuluka mu January 2014, boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines ili ndi 49. Kwa zaka zambiri chiyambireni, mapu a maulendo ake a m'dziko muno akhala mizinda iwiri yokha. Sindikuti ndi nkhanza. Kampani imapita komwe kuli makasitomala ndi komwe ndege zake zingatere. Msewu wa ndege wa pa Kamuzu ndi wautali kupitirira makilomita atatu, pomwe wa ku Mzuzu sufika n'komwe kilomita imodzi ndi theka, ndipo nyumba zauzungulira. Boeing singatere pamenepo. Bwalo latsopano la ku Mzuzu lakhala likulonjezedwa ndi maboma osiyanasiyana, makamaka chisankho chikayandikira, moti ena amene analimva koyamba ali ku pulayimale pano ali ndi ana awo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anthu a kumpoto wawo akadali wa pachala.

Pali tsiku lomwe Mmalawi aliyense anaphunzira kuti nthawi yolembedwa pa pepala si lonjezo. Pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu nthawi ya 9:17 m'mawa, ndipo inkayembekezeka kutera ku Mzuzu 10:02. Mphindi 45 zokha. Nyengo inali yoipa, sinathe kutera, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu anamwalira. Sindikufuna kulowa m'mikangano yomwe yakhalapo pa ngoziyi, ndipo mabanja awo akadali ndi chisoni. Ndikungonena ichi: kuti mphindi 45 zikhale mphindi 45, pansi pamafunika zinthu zomwe okwera sitiziona. Pamafunika zipangizo zoyezera nyengo ndi anthu ozitumiza kwa woyendetsa ndege asananyamuke, zida zothandiza kutera kukakhala chifunga, magetsi a pa msewu wa ndege, mawailesi omveka, galimoto yozimitsa moto yoti ikalizidwa ilire. Popanda zimenezi, kunena kuti tibweretsa ndege ku Mzuzu ndi Karonga n'kungosangalatsa anthu pa msonkhano.

Ngakhale Chileka yomweyo inatichititsapo manyazi. Mu January 2019, South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Blantyre akuluakulu oona za ndege a ku South Africa atapeza kuti mpanda wa bwalo unali wosakwanira, komanso za ambulansi ndi zozimitsira moto sizinali bwino. Mpanda, abale. Osati makina odula a mabiliyoni, koma waya woletsa ziweto ndi anthu kulowa pomwe ndege ikutera. Zinakonzedwa ndipo maulendo anayambiranso, koma zinaonetsa kuti timakonda kudula riboni kuposa kusamala zomwe tili nazo kale.

Ndiye tichite chiyani? Pa Lilongwe ndi Blantyre, nthawi yambiri ikutayika pansi, ndipo pansi pomwepo ndi pomwe ingapezeke motchipa. Ndege singathamange kuposa mmene ikuthamangira, koma mphindi 90 zopita ndi kuchoka pa mabwalo awiriwa zikhoza kuchepa. Basi yodalirika yochoka m'tauni kupita pa bwalo, yogwirizana ndi nthawi ya ndege, yomwe mtengo wake uli pa chikwangwani osati m'mutu mwa dalaivala akaona nsapato zako, si chinthu chofuna ngongole ya ku World Bank. Ikanathandizanso ogwira ntchito pa mabwalowa ndi achibale okachingamira obwera kuchokera ku Joni, amene ndi ochuluka kuposa okwera ndegewo. Ndandanda ya ulendo wa m'mawa ndi wa madzulo, yoti munthu apite ndi kubwerera tsiku lomwelo mosakayika, ikanapatsa tikiti yodulayo tanthauzo.

Koma kwa ambirife amene tikuwerenga izi pa foni ya skirini yosweka tili m'minibasi, bwalo lathu la ndege ndi M1. Kukonza maenje, kukulitsa malo omwe msika walowa mumsewu ngati pa Lizulu ndi pa Lunzu, kuika njira yachitatu pa zitunda kuti galimoto zing'onozing'ono zidutse mathiraki osaika moyo pachiswe, kuchepetsa marodibuloko ongofunsa funso lomwelo kanayi, zonsezi zikhoza kudula theka la ola kapena kuposa pa ulendo wa anthu zikwizikwi tsiku lililonse. Timalipira pa Kalinyeke ndi pa Chingeni, ndiye tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalamazo zatichotsera mphindi zingati pa ulendo. Ntchito yokonza M1 kuchokera pa mphambano ya ku bwalo la Kamuzu kulowera kumpoto ndi yofunika pa chifukwa chomwechi: imathandiza wa pa basi, komanso wogulitsa tomato wa ku Jenda amene ndege sadzaikwera.

Ndalama za boma zokhudza ndege, ngati zilipo, ziyambe zapita ku zida za chitetezo pa mabwalo ang'onoang'ono a Mzuzu, Karonga ndi Likoma, kenako ndege yaing'ono ya mipando yochepa yoti ingatere kumeneko mwa ndandanda yodziwika, ngakhale katatu pa sabata. Mwina poyamba siidzadzaza, ndipo wina adzayenera kuvomereza poyera kuti boma likuonjezerapo ndalama, monga limachitira pa zinthu zina zomwe laona kuti n'zofunika. Aphungu a kumpoto akadzaimirira m'nyumba ya malamulo pa nkhaniyi, asadzavomere kuyankhidwa kuti mapulani ali mkati. Adzafunse kuti ndege yake ndi iti, idzatera tsiku liti pa sabata, tikiti idzakhala ndalama zingati, ndipo kukachita chifunga ku Mzuzu, ndani adzauze woyendetsa asananyamuke ku Lumbadzi.